Pansi pa Chala cha Amalume

Kaphuka, 4 Juni 1912

Achimwene a Kalisto,

Moni kuchokera kuno kumapiri. Ife tilipo, kungoti chisanu chalusa chaka chino, mpaka mbuzi zikukana kutuluka m'khola. Kaya inu kuchigwako ku mishoni? Paja munalonjeza bulangete la amayi, mpaka lero kuli zii.

Koma za bulangete zikhale kaye. Khalani pansi musanapitirize.

Lachiwiri lapitali kunabwera wamalonda wina, Myao, atasenza mchere ndi mikanda. Sanafunse ogula ayi. Anafunsa mayi amene mwana wake wamwamuna anasowa kudambo la Linthipe zaka makumi awiri zapitazo. Anthu anamulozera kwathu. Atakhala pakhonde anatulutsa pepala lokulungidwa m'kachikopa, nati, "Ili lachokera kwa Yankho. Ladutsa m'manja mwa anthu atatu lisanandipeze ine. Kumene akukhala mwini wake sindikudziwa, zonse zili m'menemo." Madzi anamwa, chakudya anakana, basi nkupitiriza ulendo wake.

Yankho, achimwene! Mkulu wathu uja anagwidwa ndi achifwamba inu muli ndi zaka zinayi, ine ndili kumsana. Uja amayi amamutchula akamapeta.

Ndinalitambasula pepalalo modzithemba, poti kuwerenga ndinaphunzira kwa aphunzitsi a Timoteyo. Ha! Mulibe a, mulibe b. Ndi timizere tokhotakhota ngati momwe nyongolotsi zimayendera pamatope, ndi timadontho pamwamba ndi pansi. Ndinalitembenuza kanayi, osadziwa kumutu ndi kumiyendo. A Timoteyo akuti ndi Chiarabu.

Amalume a Funsani alilanda. Akuti si kalata koma chithumwa, ndipo amene anatenga mwana mmodzi abwerera wachiwiri. Alisomeka kudenga la nyumba yawo. Amayi sakudya. Akungokhala pakhonde la amalumewo, maso ali kudenga.

Ndinamva kuti wansembe wanu amadziwa chinenero chimenechi. Ngati ndi zoona yankhani msanga. Amayi akufuna chinthu chimodzi chokha: adziwe kumene kuli mwana wawo, amuyankhe asanamwalire.

Ndine mlongo wanu,
Elena

Ku Mishoni, 15 Juni 1912

Mlongo wanga Elena,

Kalata yako yandipeza ndili bwino, kupatula udzudzu. Bulangete likubwera, usandinyoze.

Ndawerenga katatu, ndipo sindikudziwa ngati ndisangalale kapena ndiope. Inde, Bambo Lusiyano, wansembe amene ndimawathandiza kulemba katekisimu, Chiarabu amachidziwa. Asanabwere kuno anakhala zaka zisanu ndi chimodzi kudziko la Aarabu lotchedwa Alijeriya. Akuti sunalakwe kusowa kumutu kwake. Chiarabu chimayambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, ndipo buku lawo limatsegulidwa kumene ife timatsekera. Chifalansa, chinenero cha kwawo kwa Bambo, chimayenda ngati chathu. Akutinso Mwarabu akamalemba amayamba ndi moni wautali ngati wa kwa apongozi, pamene Mfalansa amati odi ali kale m'nyumba.

Ndiye mawuwo ayenda ulendo asanafike kwa amayi. Bambo awachotsa m'Chiarabu nkuwaika m'Chifalansa, poti mutu wawo umaganiza m'chimenecho. Kenaka tithandizana kuwaika m'Chichewa. Chichewa chawo chikukwawabe, nachonso Chifalansa changa ndi chakukhitchini, koma awiri tikhoza.

Tsono tandiuza. Munthuyo sanapemphe kanthu, ngakhale nkhuku? Mudzi wathu anaudziwa bwanji? Yankho anasowa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, khasu lomwe asanaligwire bwino. Wamuphunzitsa kulemba ndani? Ine zikundikayikitsa. Usawalonjeze zambiri amayi tisanaone.

Tumiza pepalalo ndi a Timoteyo akamabwera kudzatenga masileti kumapeto kwa mwezi.

Ndine mlongo wako,
Kalisto

Kaphuka, 1 Julayi 1912

Achimwene,

Moni. Bulangete lafika, zikomo, ngakhale lalifupi ngati la mwana. Amayi ayamba chifuwa.

Pepala silikubwera. Amalume akanitsitsa kwamtuwagalu. Akuti likakalowa m'manja mwa ansembe alitentha. Ndinati chabwino, nanga tipite nalo kwa mwalimu wa Asilamu kutsidya kwa mtsinje, mtunda wa tsiku limodzi lokha? Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Akuti fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi. Ndiye ansembe ayi, mwalimu ayi. Ndinawafunsa kuti nanga atiwerengere ndani, khwangwala? Anandithamangitsa.

Amayi ndi amene anawagonjetsa. Anangogwada pakhomo pawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, anthu akuona. Manyazi anawagwira, nkulola kuti ndikopere zolembedwazo pa pepala lina, iwo ali pompo.

Achimwene, ntchito imeneyo ndi yolimba kuposa kugalauza dimba. Ndinayambira kumanja monga munanenera, dzanja likukana. Kamzere kalikonse ndimakajambula ngati ndikulemba mphini pankhope ya munthu. Timadontho tina sindikudziwa ngati ndi ta mlembi kapena ta ntchentche, ndangoika tonse. Masiku anayi ndafika pakati pokha. Tsiku lachisanu amalume anati zakwana, ndikuwonongera maso, nkulibwezera kudenga.

Ndiye chimene a Timoteyo akupatseni ndi theka lakumwamba lokha. Amayi sindinawauze zimenezo. Anandifunsa kuti, "Walemba?" Ine ndinati, "Ndalemba." Ndinalibe mtima wowauza kuti mwana wawo ndamutenga theka.

Za wamalonda uja, sanapemphe ngakhale dzira. Inu mumakayikira aliyense ngati amalume anu.

Elena

Ku Mishoni, 9 Julayi 1912

Elena mlongo wanga,

Moni nonse. Amayi amwe madzi otentha a mandimu.

Bambo ataona zojambula zakozo anaseka mpaka kugwira ndevu. Kenaka anasiya kuseka. Akuti dzanja lako ndi la nkhuku, koma nkhuku yosamala, ndipo zambiri zikuwerengeka.

Ndinakhala pambali pawo ndikuwerenga mizere ndi chala. Mizere isanu ndi iwiri yoyamba ya Chiarabu inasanduka mzere umodzi m'Chifalansa. Umodzi! Ndinati, "Bambo, isanu ndi umodzi ija yapita kuti?" Akuti ndi moni chabe, kutamanda Mulungu ndi mneneri wawo, ndipo m'Chifalansa zoterozo zimalemera ngati munthu wovala malaya anayi. Ine sizinandikomere. Munthu amene wakhala chete zaka makumi awiri, moni wake ungamudulire? Ndiye akadula apa, ndidziwa bwanji kuti sakudula penanso? Komabe mawu amene tatulutsa ndi awa:

"Kuchokera kwa Selemani, amene kwawo ankatchedwa Yankho, kupita kwa mayi amene anandibereka, wa chipsera cha moto pamkono wamanzere. Ndili moyo. Sindinenso kapolo. Ndimasoka matanga a ngalawa. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo wamkazi ndinamutcha Zilole, dzina lanu. Kalatayi akundilembera mwalimu, ine ndikungonena. Chinenero chathu chinandithawa, ndatsala ndi nyimbo imodzi yosinjira. Ndikuuzani mmene ndinachokera, kenaka ndikuuzani kumene ndili ndi dzina la munthu amene mungapatsire yankho. Tsiku lija amalume anandigwira dzanja, nati..."

Zako zathera pomwepo.

Ndiye wamva. Yankho ali moyo, ndi Msilamu, ndipo kumene akukhala kwalembedwa m'theka limene latsala kudengalo. Popanda limenelo sitingamuyankhe. Ngalawa zili ku Nkhotakota, zilinso kunyanja yamchere, mtunda wa miyezi. Bambo avomera kubwera okha kwathu chikangotha chikondwerero cha Amayi Maria pa 15 Ogasiti, adzaliwerengere pakhonde pomwepo, mwini wake akuona. Ine ndidzabwera nawo.

Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Ife tinakula tikumva kuti Yankho anali yekha kudambo, akusaka mbewa, pamene anagwidwa. Nanga dzanja la amalume likutani m'nkhaniyi? Usawerenge mzere umenewo iwo ali pafupi. Wamva? Uudumphe.

Kalisto

Kaphuka, 18 Julayi 1912

Iwe Kalisto mphwanga,

Ndine malume ako Funsani. Akundilembera ndi Timoteyo, ndipo ndamuuza kuti akachotsapo liwu ndidziwa.

Moni. Ndamva zimene mwapeka ndi mzungu wako. Elena anatiwerengera tonse pabwalo, mudzi wonse utatchera khutu.

Tandiyankha. Mawuwo akuti ananena ndi Yankho. Analemba ndi mwalimu amene sitimudziwa. Anakopera ndi Elena, amene sakudziwa chimene akukopera. Anawerenga ndi mzungu, nkuwaika m'chinenero chake. Kenaka iwe nkuwatola pansi. Pakamwa pasanu! Madzi odutsa m'mitsuko isanu amanunkha mtsuko, osati chitsime. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chipsera cha amayi ako ndani sachidziwa? Iwe wemwe unakula ukuchiona. Dzina lawo ndani salidziwa? Mwavomera nokha kuti mzunguyo anameza mizere isanu ndi umodzi. Amene amameza amathanso kulavula zake. Ndi anthu omwewo amene amati gule wathu ndi wa Satana. Lero apeza njira yogawira banja langa, kuti ana a mlongo wanga aziniloza chala.

Ine ndinakulerani bambo anu atamwalira. Mbuzi imene unapita nayo ku mishoni inali ya m'khola langa. Unathawa kulowa gule kudambwe, sindinakutemberere. Lero ukufuna kundibweretsera mlendo wa mkanjo kuti adzandizenge mlandu pakhomo panga ndi timizere ta nyerere?

Asavutike kukwera phiri. Pepalalo ndi la banja lino, ndipo mwini banja ndine.

Funsani

Kaphuka, 3 Ogasiti 1912

Achimwene,

Moni ndilibe.

Choyamba, chenjezo lanu lija munaliika kumchira. Inu simukudziwa kuti kuno kalata ikafika anthu amasonkhana, ndipo wowerenga amayamba pomwepo mokweza? Ndinafika pa dzanja la amalume ndisanafike pa "uudumphe". Amalume anadzuka nkupita kuseri kwa nkhokwe. Amayi sanamve nkomwe zimenezo, ngakhale za theka lotsala kudenga, iwo anali akulira kale pa dzina la Zilole.

Chachiwiri ndi ichi. Chifuwa cha amayi chinakula sabata yatha. Lolemba ine ndinapita kudimba kukakumba kachewere. Ndili komweko amalume anatsitsa pepala lija kudenga. Munthu yemwe uja ankati ndi chithumwa chakupha, tsopano akuti ndi mankhwala. Anauza amayi kuti Asilamu munthu akadwala amamulembera mawu, nkuwatsuka ndi madzi, wodwalayo nkumwa. Zimenezo ndi zoona, amayi anazionapo kutsidya. Ndiye anati, "Mlongo wanga, mwana wako wakutumizira mankhwala, ife tikungowasunga kudenga."

Amayi anafunsa funso limodzi. Anati, "Elena paja analemba?" Amalume anati, "Iye mwini anakuuza kuti walemba."

Ndinabwera nkuwapeza amayi atagwira chipanda chopanda kanthu, milomo ili bii ndi inki, akumwetulira koyamba chifikire pepalalo. Anati, "Mwana wanga wabwerera m'mimba momwe anachokera."

Achimwene, ndinakhala pansi ndi dengu kumutu. Ndinawauza zoona, kuti ndinangolemba theka. Sanakuwe. Anayang'ana m'chipandamo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mlongo wawo. Mpaka lero sanamulankhule.

Pepalalo ndalitola pamwala pamene analitaya, ndaliyanika. Layera. Kwangotsala kangodya kamodzi kumunsi, pamene panali chala chachikulu cha amalume polimiza m'madzi. Pali timizere tiwiri.

Mlandu ndi wanga, ndi wanu, ndi wawo. Bwerani ndithu ndi Bambowo.

Elena

Kaphuka, 21 Ogasiti 1912

Kwa Selemani, amene kuno timamutcha Yankho,

Achimwene, moni. Moni wa amayi anu Zilole, amene ali moyo ndipo chifuwa chawo chayamba kupepuka. Moni wa Elena, amene munamusiya kumsana, lero ndi mayi wa ana atatu. Moni wa mudzi wonse. Moni kwa alamu athu ndi kwa ana. Ine ndine Kalisto. Dzinali simulidziwa, ndinalilandira pobatizidwa. Ndine uja munkamunyamula paphewa kuti athyole masuku.

Kalatayi ndikulemba m'chinenero chimene chinakuthawani. Wansembe wina wachifalansa aiika m'chinenero chake, kenaka m'Chiarabu. Tapangana kuti sachotsapo liwu ngakhale limodzi, ndipo ndiwerenga mizere ndi chala.

Kalata yanu inafika, koma tinangomva theka. Theka linalo linatsukidwa ndi madzi tisanaliwerenge. Sitikudziwa kumene muli.

Ndikuuzeni zimene zinachitika dzana. Tinakwera phiri ndi wansembeyo, nkukhala pakhonde la amayi. Anthu anadzaza bwalo. Amalume a Funsani anakhala patali, pamtondo wogubuduzika, atafunda nsalu kumutu. Wansembe anaunika pepala lanu padzuwa, kutsogolo ndi kumbuyo, kufuna mwina mikwasa ya cholembera. Panalibe. Anayang'ana kangodya kouma kaja, napukusa mutu. Anandiuza m'Chifalansa kuti palibe dzina la mudzi, palibe dzina la munthu, ndi moni wotsekera chabe. Anayamba kulipinda.

Ndinawagwira mkono. Sindinagwirepo wansembe mkono chibadwire. Ndinati, "Bambo, musadule. Liwu ndi liwu." Anandiyang'ana, nkulitambasulanso. Iwo ankanena liwu limodzi m'Chifalansa, ine nkulinena mokweza m'Chichewa, mpaka timizere tiwirito tinatha. Munati:

"Mtendere ukhale pa mayi anga. Ndi pa amalume anga mtendere, asaope. Mlandu umene ananditengera ndinaukhululuka kalekale, ndipo Mulungu ndiye mboni."

Ndi mawu okhawo amene anapulumuka, achimwene, chifukwa anali pansi pa chala cha amalume pamene ankatsuka pepalalo.

Amalume anagwa pamtondopo. Munthu wamkulu, mwini mbumba, analira ngati mwana wolumidwa ndi njuchi. Anaulula okha pamaso pa anthu zimene inu mukuzidziwa kale: kuti anavulaza munthu pamowa, eni ake anafuna munthu m'malo mwake, ndipo iwo anakugwirani dzanja nkukuuzani kuti mukupita kukaona misampha. Anakwawa mpaka pamapazi a amayi. Amayi sanawakankhe, sanawadzutsenso. Anangoti, "Mwana wakukhululukira. Nanga ine ndimuuza bwanji kuti ndamva?"

Ine ndinakwiya, ndikadali wokwiya, ndipo sindibisa. Inu munakhululuka msanga kuposa mmene ine ndingathere.

Tilemba makalata khumi ofanana ndi ino. Amalume apempha kuti anyamule ndi iwo. Akuti ayamba ndi mwalimu wakutsidya uja ankamukana, kenaka atsikira ku Nkhotakota, azikafunsa aliyense wosoka matanga. Ndi nkhalamba, mawondo awo ndi otupa. Amayi sanawaletse. Imodzi amayi aisunga okha, akuti azikhala nayo pamphambano ya njira ya mchere, kuonetsa wamalonda aliyense wodutsa.

Ngati ikupezani, chonde yankhani. Ndipo muuze mwalimu wanuyo kuti ulendo uno dzina la mudzi alilembe pamwamba penipeni, moni ubwere pambuyo.

Amayi akuti ndilembe nyimbo yosinjira ija kuti mudziwe kuti ndife. Wansembe akuti nyimboyo siingalowe m'Chifalansa kapena m'Chiarabu osasweka, ndiye angolemba kamvekedwe kake m'zilembo zanu. Mwalimu akamakuwerengerani sadzamva kanthu. Inu mudzamva.

Chidindo chakuda pansipa ndi chala cha amayi, achiviika m'mwaye.

Wansembe wandifunsa kuti kunja kwa kalata, pamene pamalembedwa mudzi, alembepo chiyani. Ndafunsa amayi. Akuti pasiyidwe poyera, mudzalembapo nokha.

Ndine mng'ono wanu,
Kalisto